Nihon Falcom: kampani ya magemu ya ku Japan yomwe yatha zaka zoposa 40 ikukana kukula

Mumzinda wa Tachikawa, kumadzulo kwa Tokyo, muli kampani ya antchito osafika 100 yomwe yakhala ikupanga magemu kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Dzina lake ndi Nihon Falcom. Anthu ambiri amene amadziwa PlayStation chifukwa cha mpira kapena magemu omenyana sanalimvepo dzinali, koma ku Japan munthu wofuna kulongosola kumene magemu a mtundu wa RPG anachokera sangalidumphe. Falcom inalipo gemu yotchuka ya RPG ya Dragon Quest isanatuluke, inaliponso inzake ya Final Fantasy isanaganiziridwe n'komwe. Mwa makampani amene inayamba nawo limodzi, ambiri anatha, ena anagulidwa, ena anaphatikizana n'kukhala zimphona za antchito zikwizikwi. Iyo ikadali ku Tachikawa komweko, ikadali yaing'ono, ndipo chaka ndi chaka ikupezabe phindu.

Mu gemu ya RPG wosewera amalowa m'malo mwa munthu wa m'nthano. Amayenda m'midzi ndi m'nkhalango za dziko lopeka, kucheza ndi anthu, kugula zida, kulimbana ndi zilombo, ndipo nkhondo iliyonse imene wapambana imamuwonjezera mphamvu zomwe kompyuta imasunga m'manambala. Si gemu yoti munthu angaimalize atakhala pansi kamodzi. Ina imadya maola 40, ina kupitirira 100, ndipo chimene chimam'bweza munthu tsiku lililonse ndi kufuna kudziwa kuti nkhaniyi ithera pati. Mtundu umenewu unabadwira ku America. Unayamba ndi Dungeons & Dragons m'chaka cha 1974, masewero a patebulo ogwiritsa ntchito madayisi ndi pepala, kenako unalowa m'kompyuta kudzera m'magemu monga Wizardry ndi Ultima, omwe anatuluka mu 1981 pa kompyuta ya Apple II. Anthu a ku Japan anautenga n'kuuumba mwa njira yawo, ndipo Falcom inali m'gulu la oumba oyambirirawo.

Zinayambira m'sitolo

A Masayuki Kato anali katswiri wa makompyuta pa kampani ya Hino, yopanga malole ndi mabasi. Ntchito inawatengera ku Thailand, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi Apple II. Atabwerera kwawo anasiya ntchito, ndipo mu Malichi 1981 anatsegula Falcom. Sinali kampani ya magemu ayi. Inali sitolo yogulitsa makompyuta a Apple, yomwe achinyamata okonda makina anaisandutsa pochezera. Mmodzi mwa obwera kawirikawiri anali a Yoshio Kiya, amene ankalemba timapulogalamu tawo kunyumba. Gemu yawo ya Galactic Wars inatuluka mu 1982 ndi dzina la Falcom, ndipo kuyambira pamenepo sitolo ija inayamba kusanduka chinthu china.

Nthawi imeneyo msika wa magemu ku Japan unali pawiri, ndipo mbiri yonse ya Falcom yagona pa mbali imene inasankha. Kumodzi kunali makina olumikiza ku TV, mfumu yake ikhale Famicom ya Nintendo, yomwe inatuluka mu Julayi 1983 pa mtengo wa mayeni 14,800. Awa anali makina amene makolo ankagulira ana. Kwinako kunali makompyuta a padesiki monga PC-8801 ya kampani ya NEC, yomwe inayamba kugulitsidwa pa mayeni 228,000. Eni ake anali ochepa, ambiri mwa iwo akuluakulu kapena ophunzira a kukoleji, anthu oti atha kuchezera usiku wonse akujambula papepala mapu a phanga la m'gemu. Makompyutawa sankayendetsa zithunzi mwaliwiro ngati Famicom, koma ankaonetsa bwino zilembo za Chijapani, ndipo madisiki ake ankalola munthu kusunga pomwe wafika n'kudzapitiriza mawa. Chinanso n'chakuti pa kompyuta aliyense ankapanga gemu n'kuigulitsa popanda kupempha kwa mwini makina, pomwe kwa Nintendo kunali malamulo okhwima ndi ndalama zolipiriratu makatiriji, timabokosi tosungiramo gemu, asanapangidwe. Falcom inasankha kompyuta, ndipo kwa zaka zoposa 25 pafupifupi ntchito yake yonse inali ya kumeneko.

Mu 1984 a Kiya anatulutsa Dragon Slayer. M'magemu a ku America aja nkhondo inali yosinthana: wosewera asankhe chochita, mdani ayankhe, wosewera asankhenso. A Kiya anachotsa kudikirana kumeneko, n'kuchititsa kuti zonse zichitike nthawi yomweyo, munthu akuyendetsa yekha msilikali wake. Chaka chomwecho makampani a Namco ndi T&E Soft anayesa zofanana m'magemu a The Tower of Druaga ndi Hydlide, ndipo atatuwa ndi amene amawerengedwa ngati chiyambi cha RPG ya changu, ya m'manja. Kanthu kena kochititsa chidwi n'kakuti Dragon Slayer ya pa makompyuta a MSX inatulutsidwa ndi kakampani kosadziwika nthawi imeneyo, kotchedwa Square, komwe mu 1987 kanadzapanga Final Fantasy.

Yotsatira yake, Xanadu ya mu 1985, inagulidwa makope oposa 400,000, chiwerengero chimene gemu ya pa kompyuta inali isanafikepo ku Japan. Inali gemu yankhanza. Zilombo zinali zowerengeka, ukazipha sizinkabweranso mopanda malire, choncho ndalama ndi mphamvu zimene munthu akanapeza zinalinso ndi polekezera. Chakudya chinkatha. Kupha zolengedwa zina kunkawerengedwa ngati tchimo, ndipo tchimo likachuluka kachisi ankakana kukukweza mphamvu. Munthu ankatha kusewera masabata angapo n'kuzindikira kuti analakwitsa pachiyambi penipeni ndipo palibe njira yomalizira. Osewera a nthawiyo ankanyadira zimenezi, poti gemu yovuta ndiyo inkaoneka kuti ndalama zapita pabwino.

Ys ndi mnyamata wa tsitsi lofiira

Kampani yomweyo ndi imene inadzatembenuza maganizo amenewa. Mu Juni 1987 gulu lina la mu Falcom, lotsogozedwa ndi a Masaya Hashimoto pa mapulogalamu ndi a Tomoyoshi Miyazaki pa nthano, linatulutsa Ys. Malonda ake ankalengeza kuti RPG yalowa m'nyengo ya kukoma mtima, ndipo gemuyo inachitadi zimenezo. Munthu ankasunga pafupifupi paliponse. Akavulala ali kunja, ankangoima pang'ono mphamvu n'kubwerera. Ngakhale batani lomenyera panalibe: wosewera ankangothamangitsa msilikali wake n'kugunda mdani cham'mbali pang'ono, osati maso ndi maso, basi lupanga lagwira ntchito. Zimamveka zachibwana mpaka munthu atazigwira m'manja n'kuona liwiro lake. Cholinga chinali choti aliyense wogula gemuyo afike kumapeto ndi kuona mathero a nkhani.

Mwini nkhaniyo ndi Adol Christin, mnyamata wa tsitsi lofiira wokonda maulendo, amene afika pa dziko la Esteria n'kuyamba kufunafuna mabuku asanu ndi limodzi a ufumu wakale umene unazimiririka. Ntchitoyi inakula kuposa mmene anaganizira, moti anaigawa pawiri, ndipo Ys II inatuluka mu 1988. Olemba anaikamo nzeru imodzi imene yawadyetsa mpaka lero: amati magemu onsewa ndi otengedwa m'mabuku a maulendo amene Adol anasiya atakalamba. Ndiye kuti nthawi iliyonse kampani ikafuna gemu yatsopano, imangotsegula buku lina. Ya nambala 10, Ys X: Nordics, inatuluka mu 2023, Adol akadali mnyamata.

Koma ambiri amene anasewera Ys nthawi imeneyo amayamba kukumbukira nyimbo. PC-8801 ya mtundu watsopano, ya mu 1985, inali ndi kachipangizo ka mawu ka kampani ya Yamaha, kotha kuimba mizere yowerengeka chabe nthawi imodzi. A Yuzo Koshiro, amene analowa mu Falcom ali ndi zaka 18, pamodzi ndi a Mieko Ishikawa, anakaimbitsa kachipangizoko ngati bandi ya rock yathunthu, ng'oma, besi ndi gitala zonse zilipo. Anthu anafuna nyimbozo ngakhale kompyuta itazimitsidwa, ndipo Falcom inayamba kuzigulitsa m'zimbale kudzera ku King Records. Inakhazikitsa gulu la oimba ake lotchedwa Falcom Sound Team jdk, kenako bandi yoimba pamaso pa anthu. Mu 2009 inachita chinthu chimene makampani a ku Japan sachitachita: inalengeza kuti anthu akhoza kugwiritsa ntchito nyimbo zake mwaulere m'makanema awo a pa intaneti, m'zochitika ndi m'mapulogalamu, bola atchule mwini wake ndi kutsata malamulo ochepa amene inaika. Ena akuthamangitsa anthu chifukwa cha umwini wa nyimbo, iyo inaona kuti aliyense woiimba akuilengezera malonda.

Amene anachoka

Apa ndi pomwe mbiri ya Falcom ili ndi mbali yowawa. Anthu amene anaimanga sanakhalitse. A Koshiro anachoka mu 1988, ndipo mu 1990 iwo ndi banja lawo anatsegula kampani ya Ancient. Dziko linadzawadziwa bwino ndi nyimbo za Streets of Rage za kampani ya Sega. A Hashimoto ndi a Miyazaki anachoka mu 1989 n'kuyambitsa Quintet, yomwe inapangira Enix, kampani ya Dragon Quest, magemu a ActRaiser, Soul Blazer, Illusion of Gaia ndi Terranigma. A Tetsuya Takahashi, amene anayambira ntchito yojambula ku Falcom, anapita ku Square, anatsogolera Xenogears ya mu 1998, ndipo mu 1999 anakhazikitsa Monolith Soft, yomwe lero ndi ya Nintendo ndipo imapanga Xenoblade. A Kiya eni akewo anachoka mu 1993. Patsogolo pake a Makoto Shinkai anagwira ntchito ku Falcom kuyambira 1996 mpaka 2001, akupanga mwa zina makanema otsegulira magemu, asanapite kukakhala mmodzi mwa opanga makanema a zojambula otchuka kwambiri ku Japan.

Mndandanda wotere umatamandidwa kuti Falcom inali sukulu ya akatswiri. N'zoona, koma sukulu ndi malo amene anthu amachokapo. Kampaniyi inali ndi chizolowezi choika dzina lake patsogolo pa mayina a anthu, moti kwa zaka zambiri nyimbo zinkangolembedwa kuti ndi za gulu la jdk osanena kuti iyi wapeka ndi uje. Ineyo ndimaona kuti chizolowezi chimenechi chinateteza kampani ndi kuluza anthu nthawi imodzi. Adol sanafe a Miyazaki atachoka, chifukwa sanali wa a Miyazaki. Koma munthu waluso lalikulu wofuna kudziwika, kapena wofuna gemu ya ndalama zambiri, ankadziwa kuti ayenera kukayang'ana kwina.

Njira ina imene Falcom inapulumukira inali yobwereketsa katundu wake. M'malo molemba antchito ambiri oti asamutsire magemu ku makina a pa TV, inkapereka chilolezo kwa makampani ena, iyo n'kumangolandira gawo lake. Hudson Soft inatenga Xanadu n'kupanga Faxanadu ya pa Famicom mu 1987. Mu 1989 Hudson yomweyo inaphatikiza Ys yoyamba ndi yachiwiri pa CD ya makina a PC Engine, yokhala ndi mawu a anthu enieni ndi nyimbo zojambulidwa mu situdiyo, ndipo imeneyi ndi imene inadziwitsa Adol kwa anthu ambiri a ku America. Nthawi zina kubwereketsaku kunkabala zachilendo. Ys IV Falcom sinaipange. Inangolemba ndondomeko ya nkhani n'kuipereka kwa makampani awiri, ndipo mu 1993 kunatuluka ma Ys IV awiri osiyana, ina ya Hudson, ina ya Tonkin House, zosagwirizana pa mfundo zingapo. Panapita zaka 19 kuti Falcom ipange yakeyake, Memories of Celceta ya mu 2012, n'kunena kuti nkhani yovomerezeka ndi iyi.

Nthano iposa nkhondo

Pakati pa magemu a Dragon Slayer panali imodzi ya mu 1989 yotchedwa The Legend of Heroes, yomwe inabwerera ku nkhondo yosinthana ngati ya Dragon Quest. A Kiya atachoka, otsala anaitenga n'kuipatsa moyo wina. Yachitatu yake, ya mu 1994, imene anthu amaitchula kuti White Witch, inali yodabwitsa pa nthawi yake. Ana awiri a m'mudzi, Jurio ndi Chris, anyamuka ulendo wa mwambo wa kwawo, ndipo m'njira akupeza mbiri ya mayi wina amene anadutsa m'mayiko omwewo zaka 20 zapitazo, akuchenjeza anthu za tsoka, iwo n'kumamuda. Nkhondo m'gemuyi zinali zochepa mphamvu. Mtima wake unali pa anthu wamba a m'midzi, aliyense ndi kankhani kake. Inatsatiridwa ndi zina ziwiri, mu 1996 ndi 1999, zochitikira m'dziko lomwelo.

White Witch inagwira mtima wophunzira wina wa pa yunivesite ya Doshisha ku Kyoto, a Toshihiro Kondo, mpaka anatsegula tsamba la pa intaneti la anthu oikonda. Mu 1998 analembedwa ntchito ku Falcom. Anafika nthawi yovuta. Windows 95 inali itapha makompyuta a ku Japan aja, PlayStation inali itatenga osewera ambiri, ndipo Falcom inkadya za kale: Ys Eternal mu 1998, Ys II Eternal mu 2000, magemu akale ovekedwa zovala zatsopano. Ys yatsopano inasowa kuyambira 1995 mpaka 2003, pomwe Ys VI inatuluka.

Tikayang'ana kwa anzawo nthawi yomweyo, tiona chimene Falcom inkapewa. Square inagwedeza dziko ndi Final Fantasy VII mu 1997, inalemba antchito ochuluka, inatsegula situdiyo ku Honolulu n'kupanga kanema wa Final Fantasy yemwe anadya madola oposa 130 miliyoni. Kanemayo atatuluka mu 2001 sanabweze ndalama zake, Sony inachita kugula masheya kuti ithandize, ndipo pa 1 Epulo 2003 Square inaphatikizana ndi Enix. Chaka chomwecho, mu Disembala, Falcom inalowa pa msika wa masheya wa Tokyo, mbali ya makampani ang'onoang'ono, ili ndi antchito makumi angapo basi.

Mu Juni 2004 kunatuluka Trails in the Sky, ndipo a Kondo anali m'gulu la oiyendetsa. Pano m'pofunika kuchedwapo, chifukwa chimene chinayamba apa palibe kampani ina imene yachichitapo pa mlingo umenewu. Final Fantasy iliyonse imayamba dziko latsopano ndi anthu atsopano. Trails ndi nkhani imodzi, pa kontinenti imodzi yotchedwa Zemuria, imene yakhala ikupitirira kwa zaka zoposa 20. Magemu atatu oyamba, a 2004, 2006 ndi 2007, amayambira mu ufumu waung'ono wa Liberl, ndi mtsikana Estelle Bright ndi Joshua, mnyamata amene bambo ake a Estelle anam'tola n'kumulera. Awiri otsatira, a 2010 ndi 2011, akuchitikira mumzinda wa Crossbell, wopanikizidwa pakati pa mayiko awiri amphamvu omwe onse akuufuna. Kenako anayi a Trails of Cold Steel, kuyambira 2013 mpaka 2018, akutilowetsa mu ufumu wa Erebonia, womwe m'magemu oyamba unali mdani, kuti tione mkangano wa mabanja achifumu ndi anthu wamba kuchokera mkati. Kuyambira 2021 nkhani inasamukira ku dziko la Calvard.

Dziko limeneli si la malupanga ndi mfiti zokha. Zaka 50 nkhani isanayambe kunatulukira luso latsopano la mphamvu, ndipo wosewera amaona likufalikira gemu ndi gemu: ndege, sitima zapamtunda, akasinja, mafoni, mpaka intaneti yawo. Muli ndale, misonkho, nyuzipepala, makampani a zida, zigawenga ndi mapangano a mtendere. Ndipo pafupifupi munthu aliyense woima pamsewu ali ndi dzina, ndipo mawu ake amasintha nthawi iliyonse nkhani ikasuntha pang'ono. Wogulitsa m'sitolo amene amayi ake akumufunira mkazi m'chigawo choyamba, mukabwerako m'chigawo chachinayi mupeza nkhani yake yapita patsogolo, ngakhale ilibe chochita ndi kupulumutsa dziko. Mwana amene munamuona mu gemu ya 2004 mudzam'peza atakula mu gemu ya 2018. Zili ngati sewero la pa wailesi limene banja lakhala likumvera zaka zambiri, loti anthu a m'menemo mumawadziwa ngati a pamudzi panu.

Luso limeneli linabadwa ndi kuchepa kwa kampani. Anthu 50 kapena 60 sangapikisane ndi Square Enix pa zithunzi. Koma kulemba mawu n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kujambula, ndipo mzinda umene mwamanga kamodzi mutha kuugwiritsa ntchito m'magemu awiri kapena atatu ngati nkhani ikuchitikira pomwepo. Chimene kwa ena chikanakhala umphawi, Falcom inachisandutsa chizindikiro chake.

Kutsanzikana ndi kompyuta, ndi vuto la kumasulira

A Kondo anakhala mkulu wa kampani mu 2007 ali ndi zaka 32, a Kato ali wapampando. Chigamulo chawo chachikulu choyamba chinali chosiya msika umene Falcom inabadwiramo. Mashelefu a magemu a pa kompyuta m'masitolo a ku Japan ankachepera chaka ndi chaka. Trails in the Sky anali ataisamutsira ku PSP, kamakina ka m'manja ka Sony, mu 2006. Poyamba sinayende malonda, koma inapitiriza kugulidwa pang'onopang'ono kwa zaka, anthu akuuzana okhaokha. Zwei II ya mu 2008 inakhala gemu yomaliza imene Falcom inapangira kompyuta poyamba, ndipo Ys Seven ya mu 2009 inalunjika ku PSP. Kuchokera apo anatsata makina a Sony, Vita, PlayStation 3, 4 ndi 5, ndipo ku Nintendo Switch anafikako mochedwa.

Kunja kwa Japan nkhani inali ina. Mawu ochuluka aja, amene kwawo anali otsika mtengo, kunja anasanduka phiri. Falcom simasulira yokha ndipo ilibe nthambi ku America kapena ku Ulaya. Mu 2010 inagwirizana ndi kampani yaing'ono ya ku California, XSEED Games, yomwe inatulutsa Trails in the Sky m'Chingerezi mu 2011, patatha zaka zisanu ndi ziwiri. Gemuyo imathera pakati pa nkhani, pamalo opweteka mtima, ndipo osewera anadikira mpaka Okutobala 2015 kuti aone yachiwiri, chifukwa mawu ake anali ochuluka kuposa mabuku akuluakulu angapo ataphatikizidwa, pomwe omasulira anali owerengeka. Chimene chinathandiza kuti ntchitoyi ipindule ndi Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, kumene magemu akale a Falcom anapeza ogula atsopano. Kampani imene inathawa kompyuta kwawo inapulumutsidwa ndi kompyuta kunja.

Kuthamanga nakonso kunali ndi mtengo wake. Ys VIII itapita kwa NIS America, kampani ina yomasulira ndi kugulitsa magemu, n'kutuluka mu Seputembala 2017, Chingerezi chake chinali chosalongosoka moti mkulu wa kampaniyo anapepesa poyera, ndipo anamasuliranso gemu yonse n'kujambulanso mawu, ntchito imene inatha kumayambiriro kwa 2018. Magemu awiri a ku Crossbell anadumphidwa kwa zaka zoposa 10, ngakhale kuti nkhani zotsatira zimadalira zimene zinachitika mmenemo. Gulu la okonda Trails lotchedwa Geofront linawamasulira mongodzipereka, ndipo ntchito yawo inali yabwino moti NIS America inagwirizana nawo n'kuigwiritsa ntchito potulutsa magemuwo mwalamulo mu 2022 ndi 2023. Kwina anthu otere amalandira kalata ya maloya.

Za ndalama

M'zaka zaposachedwapa Falcom yakhala ikulowetsa mayeni pafupifupi 2.5 biliyoni pa chaka. Kwa Square Enix, yomwe imawerenga mabiliyoni mazanamazana, imeneyi ndi ndalama ya m'thumba. Koma pa ndalama imeneyo, zaka zina yoposa theka imakhala phindu, chinthu chosowa kwambiri m'makampani a magemu. Chinsinsi chake ndi chakale chija. Gawo lalikulu limachokera ku zilolezo: makampani a ku America, ku Ulaya, ku Korea, ku Taiwan ndi ku China amalipira kuti amasulire, asamutse ndi kugulitsa, ndipo ngozi ya malonda imakhala yawo. Falcom imangopanga gemu, kawirikawiri imodzi yaikulu pa chaka, nthawi zambiri cha mu Seputembala, mwezi umene chaka chake cha zachuma chimatha. Magemu a Trails onse pamodzi anapitirira makope 5 miliyoni mu 2020, chiwerengero chimene Final Fantasy imodzi yotchuka imachiposa payokha.

Kusamala kotereku kuli ndi odandaula nako, ndipo zina zimene amanena n'zomveka. Zithunzi za Falcom zakhala zikutsalira m'mbuyo mwa anzawo, ngakhale kuti zinasintha ndithu kuyambira 2021 pomwe anayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yomangira magemu yopanga okha. Magemu ena a Trails amakoka nkhani mopitirira muyeso, anthu a m'nkhani achuluka moti ena amangobwera kudzalankhula mzere umodzi, ndipo adani ogonjetsedwa amakonda kuthawa n'kulonjeza kuti adzaonananso. Pali amene amafunsanso chifukwa chake kampani yosunga ndalama zambiri chonchi siwonjezera antchito kuti omwe alipo apumeko. Funso limeneli ndimaliona kuti ndi lolungama, ndipo mbiri ya anthu amene anachoka m'zaka za m'ma 1980 imalipatsa mphamvu.

Vuto lalikulu koposa ndi limene kupambana kwa Trails kwadzibweretsera. Nkhani ya magemu oposa 12, iliyonse ya maola makumimakumi, ndi chuma kwa amene anayamba kale, koma kwa mlendo ndi mpanda. Kwa zaka zambiri, munthu akafunsa kuti ayambire pati, yankho loona linali lakuti ayambire pa gemu ya 2004, yopangidwira makompyuta a nthawi ya Windows XP.

A Kato anamwalira mu Disembala 2024 ali ndi zaka 78, akadali wapampando wa kampani imene anayambitsa. Patatha miyezi isanu ndi inayi, mu Seputembala 2025, Falcom inatulutsa Trails in the Sky 1st Chapter, gemu ya 2004 ija yomangidwanso kuyambira pansi, kuti alendo apeze khomo lolowera. Ulendo uno osewera a Chingerezi sanadikire zaka zisanu ndi ziwiri: inatuluka tsiku limodzi ku Japan ndi kunja, ndipo kunjako anaigulitsa ndi a GungHo Online Entertainment America, pa chilolezo.